Mpata wa pa Shelefu ya Mayi Tranter

Mayi Tranter sankadziwa munthu ndi dzina. Ukalowa m'chipinda chawo cha mabuku, ku depoti ya magalimoto a nkhondo kwathu kuno, ankakuitana ndi nambala ya buku la lole yako. Mwamuna wanga Cyril Hackett, amene abusa anamubatiza bwinobwino, kwa iwo anali 41/B basi.

Buku lililonse linali ndi nambala ya fakitale, kenako chilembo chonena ngati ndi la dalaivala, la makaniko kapena la zitsulo zosinthira. Ine ntchito yanga inali yomata timapepala ta zosintha m'mabukumo. Mayiwo anali aafupi, mutu wokha ndi umene unkaoneka pakauntala, koma akatsokomola ngakhale sajeni ankavula chipewa.

"Ndikufuna buku la lole yaikulu ija, mayi," anatero dalaivala wina.

"Yaikulu ija ndi azakhali ako? Nambala!"

"Ndaiwala."

"Kaikumbukire panja. Wina!"

Belu la mabomba likalira, sankalola kuti tithawire kudzenje lobisalamo mpaka buku lomaliza litabwerera pamalo pake. "Ajeremani adikire," ankatero. Ife tinkasanja mtima uli m'mwamba, osadziwa woti timuope kwambiri.

Koma chimene tinkaopa zenizeni chinali china. Dalaivala akatenga buku, mayiwo ankasiya mpata pashelefu, wokwana bukulo ndendende. Ankautseka pokhapokha uthenga ukabwera woti mwini wake sadzabweranso. Akazi a m'tauni anazindikira, nayamba kumadzasuzumira pawindo m'mawa uliwonse. Ine mpata wa Cyril ndinkauona tsiku lonse, ndipo mayiwo akangoyandikira shelefu imeneyo, ndinkasiya kumata n'kumawayang'anitsitsa.

Asilikali athu atathawa panyanja kuchoka ku doko la Dunkirk, malole onse anatsala komweko ku France. Reg Ollerton, mnzake wa Cyril, anatulukira alibe nsapato, alibe mfuti, koma buku lili m'malaya.

"Ndinasambira nalo, mayi. Ajeremani amangowombera, koma inu..."

"Lanyowa. Nanga tsamba lakumapetoli lili kuti?"

"Ndinapichira fodya, mayi."

Anamulalatira mpaka kunja. Kenako ndinawapeza kuseri kwa shelefu akupukuta magalasi awo, osamaliza.

Cyril sanafike. Reg anamuona komaliza pamchenga wa ku Dunkirk, ndipo palibe uthenga unabwera. Tsiku lina kunalowa kaputeni wachilendo.

"Tsekani mipata yonseyi, mayi. Kukubwera mabuku a malole a ku America."

Ine burashi ya guluu inagwa m'manja.

"Mwauona mtembo wa 41/B, bambo?"

"Mayi, ili ndi lamulo."

"Lamulolo nambala yake ndi chiyani?"

Kaputeni anapisa m'thumba ili, napisa m'thumba ilo, kenako anatuluka chammbuyo. Mayiwo anandiyang'ana ndi diso lawo lija.

"Iwe, guluu akuuma! Buku silitayika ndisananene ine."

Mabuku a ku America anawasanja pansi, m'mabokosi, ndipo aliyense ankapunthwa nawo mpaka nkhondo inatha. Mpata wa Cyril mayiwo ankaupukuta fumbi Loweruka lililonse. Ine ndinkadziwa kuti Cyril sadzabweranso, iwonso ankadziwa, koma palibe anayamba kunena. Malinga mpatawo unalipo, ine ndinali mkazi wa munthu.

Mayi Tranter anamwalira ndi chibayo nyengo yozizira yathayi. M'malo mwawo anabwera bambo wina waulemu, wodziwa dzina la aliyense. Masiku ano madalaivala amalowa chipewa chili kumutu, kutsamira pakauntala, palibe wonjenjemera. Ine ndimasowa nako mtendere kumasuka kumeneku.

Lolemba lapitali bamboyo anaima pa shelefu ija akuimba mluzu. Ndisanatsegule pakamwa, anakankha mabukuwo ndi dzanja limodzi.

"Taonani, Mayi Hackett, malo apezeka!"

Ndinavula epuloni, ndinatuluka kukagula nsalu yakuda.