Sabata Yofufuta Malemu Zulu m'Kaundula

Lolemba
Ndine mlembi watsopano wa kalabu yathu yowombera chandamale, kuseri kwa Chalimbana. Lamulungu kuli msonkhano wapachaka, ndipo lipoti la mfuti ndi zipolopolo lopita kupolisi likudikira siginecha yanga. Likapezeka labodza, wolowa m'chitokosi ndine. Ntchito za sabata ino:
kuwerenga mamembala;
kuwerenga zipolopolo;
kufufuta dzina la malemu Zulu, omwe tinawaika m'manda chaka chatha. Bokosi ndinanyamula nawo, phewa likudziwa.
Zonsezi n'za tsiku limodzi.

Lachiwiri
Malemu Zulu alipira ndalama ya umembala ya chaka chino. Risiti ilipo, ya mwezi wathawu. Amoyo tonse tili ndi ngongole, ine ndemwe. Msungichuma, mayi Lungu, akungoti: "Ba sekiritale, ndalama ni ndalama. Sinifunsa kwamene yachokela." Akuyankhula maso ali kukhomo.

Lachitatu
Lamulo lathu: wotenga zipolopolo amasaina m'buku, akawombera amabweza makoko ake m'chitini cholembedwa dzina lake. Malemu asaina Loweruka lililonse, khumi khumi. Chitini chawo n'chodzaza, makoko akununkha onga. Pamalo awo owomberera, nambala folo, udzu wagona ngati pamagona munthu. Galu wa mlonda akulambalala. Dzuwa likuswa mtengo, koma ine ndikumva tsembwe.

Lachinayi
Wapampando, bambo Mwale, ndikuwapeza akutsika galimoto kuchokera ku Lusaka, ndikuwafunsa za malemu. "Malamulo akamba kuti tikachepela pa fifitini, kalabu ivalike. Tili fotini. Manje mufuna nichite bwanji?"
Mtima pansi. Si mzukwa, ndi katangale wamba! Sindinakondwerepo chonchi pogwira wakuba. Ndikuwayamikira pa luso lawo lotengera siginecha ya malemu.
"Ine nilipila chabe," akutero. "Nenze kuganiza ni imwe musaina."


Lachisanu
Minibasi ya ku Kanakantapa, kukaona mkazi wa malemu. Fumbi mpaka m'mano. Ndikuwapeza akuthirira repu, ndipo funso langa silikuwadabwitsa. "Pa Satade masana nsapato zawo zimankhala na matope. Nimangowasha. Nanga nikangane nawo? Na kale sibenze kumva."
Pobwerera kondakitala akufuna ndalama ya anthu awiri. "Na bamdala aba mwakwela nawo?" Mpando wa pambali panga uli mbee. Ndikulipira, osatembenuka.

Loweruka
Buku losainamo ndalitsekera m'chikwama changa, chikwama ndachikhalira. M'mawa wonse maso ali pa nambala folo. Palibe munthu, palibe kulira kwa mfuti. Masana tikukatenga mapepala a chandamale:
langa, mabowo atatu, limodzi m'mphepete penipeni;
la wapampando, loyera ngati latsopano;
la nambala folo, khumi, onse pakati.
Ali moyo, malemu sankalasa chonchi. Ndikutsegula chikwama. Asaina, ndi cholembera changa.

Lamulungu
Msonkhano, titaweruka kutchalitchi. Ndikupempha kuti dzina la malemu lifufutidwe, tikuvota pa timapepala. Ovomera asanu ndi awiri, okana asanu ndi atatu. M'chipindamo tilimo khumi ndi anayi. Ndikuwerenga katatu, palibe wofuna kundithandiza.
Kenaka akusankha woyendera mabuku a chuma. Malamulo akuti akhale membala wopanda ngongole, ndiye alipo mmodzi yekha. Anthu akuwomba m'manja pang'onopang'ono, akuyang'ana pansi.
Ndikuimirira kunena kuti lipotilo sindisaina, zivute zitani. Bambo Mwale akundikankhira pepalalo ndi chala chimodzi. Lasainidwa kale, dzina langa, kalembedwe kanga, kokongola kuposa mmene ndimalembera ndekha. Pansi pake: layenderedwa ndi Zulu.
Ndatopa, ndipo ndili ndi mantha. Mawa ndikupita nalo kupolisi. Ndalama ya minibasi ndakonzeratu ya anthu awiri. Apolisi akakafunsa mafunso, malemu akayankhe okha.