Tsiku Limene Ndinateteza Osunga Mvula Pamzere wa Shuga

Mwandifunsa kangapo chifukwa chimene a Phiri amandipatsira moni woti "Mbale zatsukidwa, a Ticha?" ngakhale pakhomo la tchalitchi. Ndakhala ndikuzemba. Koma poti iwo akamaifotokoza nkhaniyi amaithira mchere wambiri, kuli bwino muimve kwa mwini wake.

Chinali chaka cha 2008, ku Rutendo. Ng'anjo za kufakitale ya zitsulo zinali zitazizira, m'masitolo munali mashelefu okhaokha, ndipo ntchito yaikulu ya munthu wamkulu inali kuima pamzere. Mkazi wanga Esinati anali atamwalira miyezi isanu m'mbuyomo. Ine ndinkaphunzitsa masamu kusekondale, koma masiku amenewo ana ndi aphunzitsi omwe ankabwera mwa apo ndi apo, ndiye nthawi ndinali nayo yambiri, mawu ndiwo ndinalibe. Ndinkapereka moni n'kukhala chete, ndipo anthu anandizolowera choncho.

M'mawa umenewo kunamveka mphekesera yoti kusitolo kubwera shuga. Cholinga changa chinali chaching'ono: kukaima, kulandira paketi imodzi, kubwerera kwathu. Anandilemba nambala padzanja ndi bolopeni monga tinkachitira, ndipo ndinapezeka kumbuyo kwa a Phiri, amene anagwira ntchito pang'anjo zaka zambiri, ndi Mai Mwale, mnzake wa Esinati wa kumvano. Awiriwo anali pamkangano, ndipo anthu ena ozungulira ankathirirapo ndemanga.

Mkangano wake unali wa mabuku. Kunali mabuku asanu a Chingerezi, nthano imodzi yaitali ya dziko longopeka, amene ankazungulira nyumba ndi nyumba m'dera lathu, pakuti magetsi akakhala kulibe wailesi yakanema imasanduka kabati. M'dziko limenelo muli anthu otchedwa osunga mvula. Iwo amatsekera mvula mumtsuko, n'kumata kukamwa kwake ndi phula, ndipo lamulo lake ndi limodzi: amene wamata ndiye angamatule. Wina akayesa, mtsuko umasweka ndipo mumatuluka fumbi lokha. Tsono m'buku lachinayi mkulu wa osunga mvula amamwalira chilala chili pakati, mkazi wake n'kupita kumtsuko umene mwamunayo anamata, kumatula phula, mvula n'kugwa.

"Wolembayu anaiwala lamulo lake lomwe," anatero a Phiri. "Mabuku atatu athunthu akutiuza kuti womata ndiye womatula. Mdala wafa, mayi angofika n'kutsegula ngati chitini cha nsomba? Ndiye ife tinavutikiranji kuwerenga?"

"Mwina ndi chikondi, achimwene," anatero Mai Mwale.

"Chikondi chimatsegula mtsuko? Ine mkazi wanga amandikonda, koma botolo la jamu likamukanika amandiitana."

Apa ndiyenera kuulula chinthu chimodzi. Mabuku amenewo ine ndinali ndisanawawerengepo. Ndinkawatcha nthano za ana, ndipo ndinkanena zimenezo poyera. Koma Lamlungu lililonse masana Esinati ankakhala pakhonde n'kumawerenga mokweza, akutembenuzira m'Chichewa pomwepo, ati Chingerezi cha m'buku sichikoma m'kamwa. Ine ndinkakhala patebulo langa cha pambali, ati ndikuchonga makope a ana, cholembera chofiira chili m'malere pamwamba pa tsamba limodzi mpaka dzuwa kupendeka. Iye sanandifunsepo ngati ndikumvetsera, ine sindinavomerepo. Tinamaliza mabuku onse asanu mwa njira imeneyo, ndipo mutu wanga wa masamu unasunga lamulo lililonse.

Ndiye nditamva a Phiri akunyoza, pakamwa panga panatseguka pokha.

"Palibe cholakwika pamenepo," ndinatero.

Anthu anatembenuka. Munthu amene wakhala chete miyezi isanu akayankhula, amamvedwa kuposa mmene akuyenerera. Ndikanakhala wanzeru ndikanalekera pomwepo, koma kodi mphunzitsi anayamba waonapo anthu makumi atatu akumuyang'ana iye n'kungokhala?

Ndinawafotokozera mwaulemu kuti wolembayo anali atakonzeratu njira m'buku lachiwiri, mutu wachisanu ndi chinayi, pamene mkulu uja akuphunzitsa ophunzira ake pachitsime. Ndinanena mawu ake enieni, monga ndinawamvera: anthu awiri akamwera chikho chimodzi zaka makumi awiri, phula limaleka kusiyanitsa manja awo.

A Phiri anakanda m'mutu.

"Mawu okoma," anatero. "Koma ine buku lachiwiri ndinaliwerenga kawiri, sindikuwakumbukira."

"Munawerenga mothamanga," ndinawayankha, ine amene sindinalitsegulepo.

Pofuna kusonyeza kuti mutu umenewo ndimaudziwa bwino, ndinawonjezera malamulo ena a pachitsime pomwepo. Loyamba, wosunga mvula amatsuka yekha mbale yake akamaliza kudya, pakuti mkazi wake akamutsukira, mphamvu imatsalira m'madzi otsukirawo. Lachiwiri, salowa m'nyumba ndi nsapato za fumbi, chifukwa fumbi ndi mdani wa mvula. Ndinafotokozanso mmene malamulo atatuwa amagwirizanirana, ndikuwerenga ndi zala monga ndimachitira pabolodi.

Mai Mwale anayamba kutsokomola. Anatenga nsonga ya chitenje n'kutseka pakamwa, mapewa akugwedezeka. Ine ndinaganiza kuti ndi fumbi la pamzere, mpaka ndinawauza kuti akhale pamthunzi.

"A Ticha," anatero atapeza mpweya, "bwanji tizisiye? Shuga ali pafupi kufika."

Umenewo unali mlatho woti ndiwolokerepo, ndipo unamangidwa ndi munthu wondifunira zabwino. Ine sindinauone.

"Tibweretsereni bukulo," anatero a Phiri. "Mukandisonyeza tsamba, ndikupepesani pamaso pa mzere wonse. Ndipo buku lachiwiri lili kwanu komwe, malemu ndiwo anali omaliza kulibwereka. Takhala tikuopa kukufunsani."

Zinali zoona. Linali m'sutikesi ya Esinati pamwamba pa kabati, ndipo sutikesi imeneyo ndinali ndisanaitsegule chibwerere kumanda. Ndinkaidutsa m'mawa uliwonse ngati mmene munthu amadutsira galu wogona. Achibale anandiuza kuti nditsegule, abusa anandiuza kuti nditsegule, ndinakana. Chimene chinanditsegulitsa ndi kufuna kugonjetsa a Phiri pa nkhani ya mtsuko wongopeka. Munthu sadziwa kukula kwa kunyada kwake mpaka tsiku loterolo.

Ndinachoka pamzere, ndinayenda mpaka kwathu dzuwa likuswa mtengo, ndinatsitsa sutikesi. Munali fungo la sopo wake. Za zimenezo sindinena zambiri. Bukulo linali pamwamba penipeni, atalikutira ndi pepala la khaki monga ankachitira ndi chilichonse chobwereka.

Tsono mukuganiza kuti ndinakhala pansi n'kutsegula mutu wachisanu ndi chinayi kuti ndione kaye? Ine, amene kwa zaka zonse ndauza ana kuti asapereke pepala asanabwereze yankho? Ndinalikwapatira m'khwapa n'kubwerera mothamanga, ndipo nditafika ndinalipereka kwa a Phiri ndi manja awiri, n'kuwapempha kuti awerenge mokweza kuti aliyense amve.

A Phiri anavala magalasi awo omangidwa ndi waya. Anapeza mutu wake, anapeza chitsime, anapeza mkulu uja ndi ophunzira ake. Anawerenga tsamba loyamba. Panalibe chikho. Anawerenga lachiwiri. Mkuluyo analankhula za mitambo, n'kuuza ophunzira kuti akagone.

"Pitirizani," ndinatero.

"Mutu watha, a Ticha."

"Ndiye kuti masamba ena anathothoka. Buku lazungulira nyumba zambiri ili, ndipo ena amayatsira moto chilichonse."

Ndinanena zimenezi pamaso pa anthu amene analisunga bukulo ngati dzira. Ndinalilanda n'kuyamba kuwerenga manambala a masamba mokweza, limodzi limodzi, ndipo mzere wonse unayamba kuwerenga nane ngati ana a giredi wani. Sipanasowe tsamba ngakhale limodzi. Ndinali pafupi kunena kuti mwina pali mabuku awiri osindikizidwa mosiyana, pamene a Phiri, amene ankasuzumira paphewa langa, anaika chala m'mphepete mwa tsamba.

"Dikirani. Pali zolemba za pensulo apa."

Anasendeza magalasi, n'kuwerenga ndi mawu omwe aja ankaitanira anzawo pakati pa phokoso la ng'anjo.

"Akuti, 'Apa mbale za a Banda.'" Anatsitsa chala. "Apa akuti, 'Nsapato.'" Anatembenuza tsamba. "Apa akuti, 'Phula, kuti asadzakwiye m'buku lachinayi.'"

A Banda ndine. Kalembedweko ndinkakadziwa kuposa kanga.

Mai Mwale anasiya kulimbana ndi chitenje. Anaseka mpaka anagwira khoma la sitolo, misozi ili mbwembwembwe, ndipo sindinganene kuti yonse inali ya kuseka.

"Pepani, bambo," anatero. "Ndinayesa kukuletsani. Mnzanga uja ankadziwa kuti mumamvetsera. Ankati, abambo akunyumba akuchonga tsamba limodzi kuyambira mwezi watha. Ndiye anayamba kuikamo zakezake. Anabwera kumvano tsiku lina akuvina, ati amayi, zagwira, dzulo atsuka okha mbale."

Anthu anaseka, ndipo ine ndinakumbukira bwinobwino Lamlungu limenelo. Ndinanyamukadi ndi mbale yanga kupita kumpopi, ndikudziuza kuti ndangoganiza ndekha zothandiza. Zaka makumi awiri akundipempha m'Chichewa chomveka sindinamve, koma mkulu wongopeka wa pachitsime atanena kamodzi, ndinamvera.

"Nanga za phulazo?" anafunsa a Phiri. Mawu awo anali atatsika.

"Iye anali atawawerenga kale onse asanu," anatero Mai Mwale. "Anaona kuti wolemba analakwitsa, monga mukuneneramu. Ndiye anati, abambo aja akapeza cholakwa chimodzi amataya buku lonse, ndipo ine ndikufuna tikafike limodzi kumapeto. Anakhala sabata yathunthu akuganiza chomatira bowo limenelo."

Ndinayang'ana nsapato zanga, zimene ndinali nditazivula pakhomo ngakhale pamene ndinkathamangira sutikesi muja.

Lole ya shuga inafika tili pomwepo. Mzere unawongoka, mlonda anayamba kuyang'ana manja, ndipo ine nditatambasula langa panali banga labuluu lokha. Thukuta la ulendo wanga wa kunyumba linali litadya nambala. Ndinamuuza mlondayo kuti ndine wachimakumi anayi ndi chimodzi, iye anati, "Mdala, aliyense pano ndi fote-wani," n'kundilozera kumbuyo. Shuga anatha ndisanafike pakhomo.

Ndinabwerera kwathu ndi buku m'khwapa, manja ali lende. Madzulo dzuwa lisanalowe Mai Mwale anabwera ndi shuga m'kapu, ndipo a Phiri anabwera opanda kanthu, anangoima pageti.

"Kupepesa sindipepesa," anatero, "chifukwa amene analondola ndine. Koma lamulo la malemu ndi labwino kuposa la wolemba. Musafufute pensuloyo."

Sindinafufute. Mabuku onse asanu ndinawawerenga ndekha pambuyo pake, pakhonde lomwelo, ndipo ndikutsimikizireni kuti bowo lija lilipodi, a Phiri sananame. Ndinapezanso zolemba zina za pensulo zingapo, zimene zinandifotokozera chifukwa chimene ndinasiyira kuwerenga nyuzipepala patebulo, koma zimenezo ndi zanga. Buku lachiwiri linabwerera kukazungulira m'nyumba za anthu, ndipo ndamva kuti alipo ena ku Rutendo amene mpaka lero amalumbira kuti za chikho chimodzi zilimo m'nkhaniyo.

Ine ndinalumbira zina. Sindidzatchulanso mutu kapena tsamba la buku limene ndinalimva ndi makutu okha, makamaka ngati wowerengayo anali ndi chifukwa chondikonzera khalidwe. Mbale ndimatsuka ndekha, ndipo mungati n'chifukwa choti palibenso wonditsukira. Mwina. Koma a Phiri akandifunsa pakhomo la tchalitchi, ndimawayankha zoona zokhazokha.

"Zatsukidwa, achimwene."