Mtanda wa a Ludoviko ku Woodbridge

Aliyense amene anapondapo pakhomo pa malemu a Ludoviko ku Woodbridge akudziwa kuti sunkalowa m'nyumba usanatule katundu pamtanda. Ndikati katundu ndikunena aliyense: thumba, mphika, ngakhale khanda.

Mtandawo ndi wasimenti, wautali kuposa mwini wake. Ndafunsa anthu atatu kuopa kulemba bodza, ndipo onse akuti nkhaniyi inayambira ku Mangalande. Kale, akugwira ntchito yoyendetsa galimoto ku London, a Ludoviko anasochera kumidzi nakapeza mtanda wamwala uli wokhawokha pamphambano, pakati pa nkhosa. Mlimi wina anawauza kuti waima zaka mazana asanu ndi awiri, ndipo kuti onyamula maliro ankatsitsa bokosi pamenepo kuti apume asanafike kutchalitchi. Zaka zimenezi zinkakwera nthawi iliyonse akamafotokoza. Ine ndinazisiya zili pa zikwi ziwiri.

Atasamukira kuno ku America anaumba wawo kutsogolo kwa nyumba, mothandizidwa ndi a Sheriff, Msilamu woyandikana nawo.

"Ine ndangogwira fosholo, achimwene," anatero a Sheriff. "Ashehe akafunsa, tikumanga chipilala cha magetsi."

Sabata isanathe, kalata ya komiti ya eni nyumba inafika: chinthucho chichoke. A Ludoviko sanatekeseke. Anali atamva kuti ku America chinthu chakalekale sachigwetsa.

"Koma bambo, simenti sinaume n'komwe," anatero akazi awo, mayi Emily.

"Ukalamba tiupanga, mayi."

Anawerenga penapake kuti yogati amameretsa ndere pamwala. Ndiye m'mawa uliwonse, ndowa m'manja, ankaupaka mtandawo ndi burashi. Ndere sizinamere. Kunabwera nyerere, amphaka a msewu wonse, ndi kanyama kena konenepa kotchedwa rakuni, kamene kankafika pamtanda mokhulupirika kuposa Mkhristu aliyense. Mwana wawo Janeth, chifukwa cha manyazi, anayamba kulowera khomo lakuseri.

Kenako mayi wa komiti anabwera yekha, chikwama cha mafayilo m'manja.

"Madamu, tulani kaye," anatero a Ludoviko.

Mayiyo anatuladi, nakhala patsinde pa mtanda. Anamva mbiri yonse, nkhosa ndi mlimi yemwe, kwa maola awiri. Mayi Emily amati mayiyo anakhudzidwa mtima. A Sheriff amati anangolumbira kuti sadzapondaponso. Chomwe ndingatsimikize n'chakuti makalata anapitiriza kubwera, koma munthu ayi.

A Ludoviko anatisiya mu Malichi. Tsiku lotengera thupi lawo kubwalo la ndege la Dulles, pa ulendo wa kumudzi, Janeth anauza dalaivala kuti adzere kunyumba. Tinadabwa, poti nthawi inali itatha. Mtsikana ameneyu Chichewa amamva, koma chibadwire amayankha m'Chingerezi. Tsikulo anaima pamtanda nati, "Adadi apume kaye."

Amuna asanu ndi mmodzi, a Sheriff patsogolo, tinatsitsa bokosi patsinde paja. Palibe amene anayang'ana wotchi.

Makalata a komiti akubwerabe, ndipo mayi Emily amawayala patebulo posenda anyezi. Lamlungu lapitali ndinapita kukawazonda. Panalibe wondikuwira kuti nditule kaye. Ndinafika mpaka pachitseko thumba lili m'manja, kenako ndinabwerera ndekha kukalitula. Powerama ndinaona kuti kumbali yosawomba dzuwa, ndere zayamba kumera.