Kutembenuza a Kamtedza

M'mudzi wina, umene dzina lake tilibisa chifukwa tonsefe tili ndi abale kumeneko, anthu ankalemekeza satifiketi kuposa mvula yoyamba. Munthu akangopita ku maphunziro a kasambidwe ka m'manja, ankabwerako ndi pepala n'kulipachika pakhoma, pamwamba pa chithunzi cha ukwati.

Amene khoma lawo linadzaza kuposa onse anali a Zakeyu Kamtedza. Iwowa ndiwo anaimirira pamsonkhano n'kunena kuti zodwazika matenda mwachisawawa zithe.

"Wopanda pepala asakhudze wodwala," anatero, "kaya ndi mkazi wake, kaya ndi mayi ake omubereka. Kumutembenuza, kumusambitsa, ngakhale kumumwetsa madzi, zonsezi n'za anthu ophunzira."

Tinaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa, ndipo tsiku lomwelo panabadwa Komiti Yaikulu Yoona za Kutembenuza Odwala.

Paja chakudza sichiimba ng'oma. Mwezi usanathe, a Kamtedza anagwa ndi sitiroko, mbali yonse ya kumanzere n'kufa. Akazi awo, a Nachisale, akubwera ndi beseni la madzi ofunda, anapeza pakhomo pataima Mlembi Wamkulu wa Komiti, a Dzimbiri.

"Mayi, pepala lili kuti?"

"Pepala lanji? Awa ndi amuna anga."

"Lamulonso n'la amuna anu omwewo."

Poyamba a Kamtedza sanadandaule. Komiti inali itatsegula maphunziro a kusamalira odwala, lamulo linkati wophunzira aliyense ayeserere pa wodwala weniweni, ndipo wogoneratu m'mudzi monsemo anali iwo okha. Ophunzira ankachita kuwalimbirana. Wina akawagoneka chakumanja, mnzake ankawabwezera chakumanzere kuti nayenso aonekere kwa aphunzitsi. Ankawatembenuza ngati chimanga chootcha, kuwasambitsa mpaka khungu kutuwa, phala kuwamwetsa njala isanabwere.

"Waona, Nachisale?" ankatero ndi pakamwa popotoka. "Chitukuko n'chimenechi."

Kenako linafika tsiku lolandira masatifiketi. Ophunzira anavala mikanjo yobwereka ku kwaya, anajambulitsa, anavina mpaka fumbi koboo. M'mawa mwake palibe anabwera. Munthu wa pepala angagwirenso chitini cha mkodzo? Aliyense anali atasanduka Mlangizi, Mlangizi Wamkulu, kapena Woyang'anira Alangizi, ndipo onse anali kalikiliki kuphunzitsa a midzi ina.

A Kamtedza anagonera nthiti imodzi mpaka m'chiuno munayamba chilonda. Apa mantha anawagwira zenizeni, poti anamva okha aphunzitsi akunena kuti zilonda zogonera zimapha. A Nachisale ankangokhala pakhomo, manja ali m'chitenje, misozi ili m'masaya, a Dzimbiri ali pambali kuteteza lamulo.

"Ingonditembenuzako pang'ono, mkazi wanga."

"Ndinakalembetsa, bambo. Akuti malo adzaza, ndidikire kalasi ya chaka chamawa."

Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. Wa a Kamtedza unawatsata mpaka pamphasa.

Masana ena, dzuwa likuswa mtengo, a Nachisale ali kumjigo, a Dzimbiri anazungulira kuseri kukadzithandiza. Kukhosi kwa a Kamtedza kunali gwaa, chilonda chikutentha. Anagwira mwendo wa tebulo ndi dzanja lamoyolo, anakukuta mano, anadzikoka, mpaka thupi lonse linagubuduka. Anatambasula mkono, nafikira kapu ya madzi, namwa. Analira ndi chimwemwe, munthu wamkulu ndi ndevu zake.

A Dzimbiri pobwera anapeza wodwala atayang'ana khoma lina, kapu ili m'manja.

"Wakutembenuzani ndani?"

"Ndekha!" anayankha monyadira.

"Nanga madziwo wakumwetsani ndani?"

"Ndekhanso, achimwene. Mulungu ndi wamkulu!"

"Pepala?"

A Kamtedza anayendetsa maso pakhoma. Panali la kuweta njuchi, la kupanga manyowa, la kasambidwe ka m'manja, awiri a utsogoleri. La kusamalira odwala panalibe.

Komiti inazengera mlanduwo m'chipinda momwemo, ife titadzaza pakhomo ndi pawindo. Woimbidwa mlandu anali a Kamtedza, wochitiridwa chipongwe a Kamtedza, mboni yoona ndi maso a Kamtedza. Atatu onsewa anavomereza. Wapampando anakonza kukhosi n'kuwerenga chigamulo mwaulemu wake wonse:

"Kuyambira lero, wolakwayu asadzayandikirenso wodwalayu mpaka ataphunzira."

Tinaomba m'manja, poti chilungamo chinali chitaoneka. A Kamtedza nawo, mwachizolowezi, anakweza dzanja lamanja kuti aombe, koma linzake linakana.