Womalizira M'beseni

Dzulo masanasana ndinalota, anzanga, ndipo mpaka pano manja angawa sindikuwakhulupirira. Inu a Lifa, siyani kaye kupukuta galasi la ambulansiyo mudzamve. Kuseka musekere kumapeto.

Gwero lake ndi maphunziro a Lachisanu aja, amene inu munawathawa ponamizira mutu. Mayi Kalinde, amene anabwera kudzatiphunzitsa za ngozi ya radiyeshoni, anati fumbi lake silioneka, silinunkha, siliyabwa, koma likalowa m'thupi podzera pakamwa kapena pabala limakudya mwakachetechete ngati chiswe. Kuti timvetse, m'mawa anapaka kaufa koyerekezera m'dzanja la munthu mmodzi osatiuza. Nthawi ya tiyi anazimitsa magetsi n'kuyatsa katochi kake. Ha! Tonse tinali waliwali, manja, mphuno, milomo, chifukwa cha moni wathu wogwirana chanza uja. Anatisonyezanso kamakina koyezera, kamene kakamva fumbilo kamalira ngati nkhululu.

Tsono kunyumba kwanga lamulo ndi lamulo. Tikamadya, beseni losambira m'manja limayambira kwa ine, kenako alamu anga a Zakeyu, amene anabwera chaka chatha kudzacheza sabata imodzi, kenako akazi anga a Nachisale, n'kumalizira kwa Ndaziona, mwana wanga wa zaka zisanu. Amayi ake anagula jagi kalekale kuti tizithirirana madzi, ine n'kukana. Ndinati pano si pa lesitilanti. Dzulolo Ndaziona anali atadzicheka ndi khoko la nzimbe, chala chomwe chija amakonda kuyamwa. Ndinaliona balalo, ndinamuuza kuti akakula aiwala, n'kugona pamphasa pakhonde podikira futali.

Ndiye ndangoona ndili mu ambulansi, ikuyenda chafutambuyo koma ikupita kutsogolo. Pakhota la msewu lole yagona chagada, matayala akuphiriphitha m'mwamba, mgolo wachikasu wang'ambika pamimba. Ndatsegula kabokosi kuti nditenge magolovesi, magolovesiwo akuti, "Ife tili pa tchuthi, bwana. Funsani masokosi." Dalaivala wa loleyo akubuula, ine mtima wachifundo, ndamunyamula ndi manja osavala kanthu. Munthuyo wopepuka ngati pilo. Pomuika pamachira ndapeza kuti si munthu, ndi thumba lobooka, ndipo zonse zimene zinali m'kati zathera m'manja mwanga. Ndayang'ana manja, oyera bwinobwino. Apo m'pamene mantha anandigwira, chifukwa ndinakumbukira kuti fumbi loopsalo ndi lomwe silionekalo.

Mwadzidzidzi chingwe chofiira chatuluka m'tchire, chandizungulira, n'kudzimanga chokha mfundo. "Uku n'koda, uko n'koyera," chatero chingwe. "Inu ndinu a koda." Kutsidya kwa chingwe kwaima Mayi Kalinde atavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Ndikuwapatsa moni, khosi lawo likutalika, miyendo ikuonda, mpaka asanduka kakowa, kamakina kaja kali pakhosi. Akasendeza ku nsapato zanga, kali chete. Ku malaya, tche, tche. Ku manja, mayo ine! Kanalira ngati nkhululu za dambo lonse zasonkhana pamaliro.

"Vulani zakunja zonse," watero kakowa. "Pang'onopang'ono, osakutumula."

"Pamsewu pano, mayi? Ndine munthu wapabanja."

"Fumbi silidziwa za banja."

Ndiye ndavula. Kwabwera thumba lapulasitiki likuyasamula, lameza malaya, lameza buluku, lageya, n'kundifunsa dzina ndi tsiku kuti lidzilembe pamimba. Nsapato zokha zakana kulowa. "Ife tatsogola, tikakupezani kunyumba," zatero, n'kuliyatsa liwiro, imodzi kutsogolo ina pambuyo. Ine ndikukuwa kuti zigwireni, kunyumba kuli mwana, koma wapolisi amene amalondera chingwe wasanduka tsekwe, akungolira chotambasula mapiko osasuntha.

Kenako ndili pampopi, m'kati mwa tenti, sopo ali m'manja. "Osandikhula mwamphamvu," akundinong'oneza sopo. "Mukasupula khungu mwalitsegulira khomo. Madzi ofunda, mofatsa, ngati mukusambitsa khanda." Ndati chabwino, ndapotokola mpopi. Mpopi watsokomola kawiri, walavula mphepo.

"Madzi ali kuti?"

"Apita ku msonkhano," watero mpopi. "Abwera Lachitatu, akapanda kudzera kumaliro."

Ndiye kakowa uja akuti popeza madzi kulibe, ndikatenge kalata kwa mkulu wa ofesi yonena kuti ndasamba. Ofesiyo ili pamwamba pa chulu. Mkuluyo wavala tayi, wandilandira bwino, wanyamula chidindo, ndipo dzanja lili m'mwamba wasanduka bilimankhwe. Diso lina lili pa ine, lina pa wotchi. Chidindo chikutsika, chikubwerera, chikutsika, chikubwerera.

"Bwana, chonde, manjawa sanasambe. Musadinde."

"Pepala likati mwasamba, mwasamba," watero bilimankhwe, wasanduka wobiriwira, n'kudinda pamphumi panga, phwa!

Mwadzidzidzi ndili panjira ya kwathu, ndafunda kalata yokhayo, manja ndabisa m'khwapa. Koma inu mukudziwa, munthu sungadutse anthu ngati mtengo. Akubwera abusa, dzanja lili kale kutsogolo. Ndikuti, "Abusa, lero ayi," koma dzanja langa latuluka lokha, lawagwira, mpaka lina kugwirizira pachigongono mwaulemu. Abusa achoka akulira tche, tche, tche. Mayi wogulitsa mandasi, chimodzimodzi. Wometa, chimodzimodzi. Inunso a Lifa munalipo, munandigwira chanza katatu ngati mwa masiku onse, n'kudzikanda m'mphuno. Pofika pachipata, dera lonse kumbuyo kwanga likulira ngati dambo.

Pakhonde ndapeza nsapato zanga zakhala kale pampando wanga, zapingasa. Mphasa yayalidwa, koma yatalika mpaka kutsidya kwa msewu, ndipo onse aja akhala pamzere: alamu anga, abusa, wometa, tsekwe, bilimankhwe ndi chidindo chake. Kumapeto kwenikweni, kakang'ono ngati nyerere, kakhala Ndaziona, kakweza chala chake chabala.

Ndiye beseni latuluka m'nyumba likuyenda lokha, lafika pamaso panga, lagwada.

"Sambani, bambo."

"Sindisamba. Bwerera."

"Wamkulu ndiye amayamba," latero beseni. "Munanena ndinu."

Ndakhalira manja, ndawapanikiza ndi thupi lonse, koma asolola okha ngati nsomba, chubwi m'madzi. Asamba bwinobwino, chala ndi chala, mpaka m'zikhadabo. Potuluka, kakowa wasendeza kamakina ku manja anga, kali chete.

"Mwayera," watero kakowa. "Mwayi wanu."

Wasendeza kamakina ku beseni, ndipo kulira kwake kunagwetsa mapapaya mumtengo.

"Madziwo satayidwa pansi, sagwiridwa, amatsekeredwa mumgolo," akutero kakowa, koma akungonena ngati akuwerenga m'buku, uku akusosola nthenga zake. Beseni lanyamuka, lapita kwa alamu. Alamu asamba mpaka m'zigongono ngati mwa chizolowezi chawo. Lapita kwa abusa. Lapita kwa wometa. Ine ndikudikira kuti madzi ade, kuti wina aone n'kunena kuti tatayani awa. Koma madziwo akungoyerabe mbee, ndipo aliyense akasamba akuwonjezeramo nkhululu zake.

Ndakuwa kuti, "Nachisale, jagi! Tenga jagi!" Pakamwa panga patuluka tche, tche basi. Jagi yasuzumira pazenera, yadzaza misomali ndi mabatire akutha. "Ine munandichotsa ntchito," yatero. "Pano si pa lesitilanti."

Ndadzuka kuti ndithamange, chingwe chofiira chija chandigwira m'chiuno. "Inu tsopano ndinu a koyera," chikutero. "Mwanayo ndi wa koda. Simungaoloke." Anzanga, ine ndanyamulapo anthu othyokathyoka pamsewu osanjenjemera, koma apa ndinaopa zenizeni. Ndakoka chingwe, ndachiluma, ndakwawa, ndalipeza beseni kutatsala anthu awiri. Ndaligwira m'mphepete.

"Ndimwa ine," ndatero. "Onsewa ndimwa ine, asafike kwa mwana."

"Imwani," latero beseni.

Ndamwa, ndamwa, mimba yatupa ngati mgolo wachikasu uja, nkhululu zikulira m'nthiti. Ndikayang'ana, beseni lili lodzaza pomwe lija.

"Amenewo ndi a lero okha," latero. "Atsala a dzulo, a dzana, ndi a zaka zonse zija."

Lapulumuka m'manja mwanga, ladutsa a Nachisale, lakagwada pamaso pa Ndaziona. Mwanayo wandiyang'ana, wamwetulira, wandionetsa chala. "Ababa, ndikakula ndiiwala eti?" Watsitsa dzanja. Bala lili potsegula, lofiira, latsala pang'ono kukhudza madzi, ndipo ndikudziwa kuti akatero chalacho chipita m'kamwa. Nkhululu zonse zangoti zii, kudikira.

Ngwee!

Ndinadzidzimuka. Linali beseni lenileni, lachitsulo, Ndaziona ataliika pasimenti pafupi ndi mutu wanga, madzi ena atatayikira pansi. Dzuwa lili phwee, alamu akhala kale pamalo pawo, akukwinya manja a malaya.

"Sambani, ababa."

Ndinamugwira dzanja mwamphamvu moti anadabwa. Ndinaitana amayi ake kuti abweretse jagi. Anaima pakhomo kundiyang'ana ngati ndabwera ndi mkazi wina.

"Jagi iti, abambo a Ndaziona? Ya ku lesitilanti ija?"

"Yomweyo. Khuthulani misomaliyo, muitsuke."

"Mwadziwa bwanji kuti muli misomali?"

Ndinangowakodola kuti afulumire. Anaitsuka, anathiramo madzi ofunda a m'beseni aja asanakhudzidwe ndi munthu. Alamu atatambasula manja, ine ndinawadutsa, n'kugwada kwa mwana. Alamu anang'ung'udza kuti dziko latha, ana ayamba kutsogolera akulu. Ndinati mlendo wa sabata imodzi sadandaula za mzere.

Tinasamba tonse mothirirana, ine komalizira, beseni lili pansi kulandira. Nditayang'anamo ndinaona madzi abii, mafuta a injini a m'manja mwangamu akuyandama pamwamba, ndi fodya wa alamu. Munalibe radiyeshoni, munalibe nkhululu. Anali madzi wamba amene mwana wanga wakhala akusambamo tsiku ndi tsiku chiyambire kudya yekha.

Koma chimene chandisowetsa mtendere si maloto ayi. Pamene ndinkamuthirira, mofatsa monga ananenera sopo uja, Ndaziona anatambasula tizala take, osafuna kuti ndisiye. Kenako anakweza maso.

"Ababa," anatero, "kani madzi osamba m'manja amakhala ofunda?"