Mapanga Awiri a Aphunzitsi a Mbendera

Ana anga, mwambi munandifunsa uja unayamba motere.

Pasukulu ina ku Dowa panali aphunzitsi a masamu, a Mbendera, amene ankakonda kompyuta yawo ngati mwana. Tsiku lina mlamu wawo Fanuel, wokonza makompyuta, anawaikira pakompyutapo maonekedwe atsopano owala bwino.

"Akalewa ndifufute, alamu?" anafunsa Fanuel.

"Ayi! Akale ndinawazolowera, atsopano ndi okongola. Siyani onse."

"Chabwino, koma alionse akhala ndi khomo lake. Chimene mwasunga uku, uko simuchipeza."

A Mbendera anaseka. "Amenewo ndiye mapanga awiri. Mvula ikavuta kuno, ndithawira uko."

Itakwana nyengo ya mayeso, analemba mafunso a Sitandade 8 kuphanga lakale. M'mawa mwake analowa latsopano n'kulembanso pepala lomwelo, koma lokhala ndi mayankho, loti adzachongere. Onse awiri anawapatsa dzina limodzi: Mayeso.

Tsiku la mayeso ananyamula kompyuta yawo n'kupalasa njinga mothamanga kupita kwa Mayi Nachisale, osindikiza mapepala pamsika. Anayatsa kompyuta, osayang'ana n'komwe khomo limene alowa, n'kusindikiza mapepala makumi asanu ndi anayi.

M'kalasi munali zii, bata limene a Mbendera anali asanalionepo chiyambire ntchito. Kenako mtsikana wina anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, tingokopera, kapena tiwonjezerepo zathu?"

A Mbendera anayang'ana pepalalo. Pansi pa funso lililonse panali yankho lake, lolembedwa bwinobwino!

"A Mbendera!" anakuwa ahedi atamva. "Mwawagawira mayankho? Belu la masana lisanalire mubwere ndi mafunso ena, apo ayi nkhaniyi ikafika kwa akuluakulu."

"Musadandaule, bwana. A chaka chatha ndili nawo kuphanga lakale."

Anabisa kompyuta m'malaya n'kukweranso njinga. Ali pakati panjira, kumwamba kunang'ambika. Mvula yake inali ya matalala, ndipo panalibe ngakhale khonde lousapo.

Anafika kwa Mayi Nachisale madzi ali chuchuchu. Anayesa kuyatsa. Phanga lakale, mdima. Latsopano, mdima womwewo. Madzi ankadontha kuchokera m'mabatani.

"Mayo ine!" anagwira kumutu. "Ndimati ndili ndi kothawira kuwiri!"

Mayi Nachisale anawapatsa chitenje choti adzipukutire, n'kupukusa mutu.

"Pepani aphunzitsi," anatero. "Mapanga awiri avumbwitsa."