Tsiku Limene Njinga Makumi Atatu Zinandithamangitsira M'dimba

Senderani kuno, nkhani iyi si yofuula. Anthu a kuno ku Mvera akuikamba mokhotetsa, ndiye bola muimve kwa mwini wake amene anadya matope. Ine pensulo sindinaigwirepo, akulemba ndi mwana wanga Esinati (ndipo wayamba kale kuseka, wopanda ulemu).

Amuna ake a Esinati, aMbewe, ndi aphunzitsi ku Chisepo. Chikwatirire mwana wangayu, ine ndi iwo tinali tisanayang'anizanepo m'maso, mpaka onsefe kumera imvi. Ndi mmene tinaleredwera: mpongozi ukaona mkamwini akubwera, umapatuka. Moni tinkapatsana chitseko chili pakati, ndipo ine ndinkanyadira zimenezi pamaso pa amayi anzanga.

Chaka chatha, chimanga chitangouma, Esinati anabwera.

"Amayi, aMbewe ndi anzawo akupalasa njinga. Anyamukira pa Dowa, atsikira ku Salima, atsata nyanja mpaka ku Nkhotakota, akwere mapiri a Ntchisi n'kubwerera pa Dowa. Masiku awiri."

"Akukagula chiyani?"

"Palibe."

"Kuli maliro?"

"Ayi, akungozungulira."

Ndinangoti kukamwa yasa. Munthu wamkulu kuchoka pa Dowa kuti akafike pa Dowa!

Ntchito imene anadzandipempha inali yochepa: kuima pamphambano ndi nsalu yofiira, kulozera msewu wokhotera ku tchalitchi chakale cha mishoni, chifukwa ambiri anali alendo. AMbewe anali atawauza kuti kumene yapita nsalu yofiira, iwonso komweko. Ndinavomera. Ndinkati akamwini akatulukira ndi jekete lawo lauphunzitsi, ndingowerama mpaka adutse.

Dzuwa litakwera pang'ono, ndinamva kulira ngati njuchi zikusamuka. Kenako zinatulukira pachitunda. Abale inu! Njinga ndaziona pa moyo wanga, zonyamula mabelo a fodya, mbuzi, ngakhale odwala. Koma izi zinalibe kaliyala, matayala owonda ngati chala changachi, zikutsetsereka mondondozana, masipoko akung'anima ngati mvula ya padzuwa. Ndinaiwala kupuma.

Patsogolo panali munthu wovala chipewa chonga chigoba cha fulu, ndi kabudula wothina ngati achita kumupaka ndi burashi. Ndikuti mumtima, mwana wa yani wosowa nsalu ameneyu? Munthu uja n'kukweza dzanja.

"Mwadzuka bwanji, apongozi!"

Mayo ine! Miyendo inaganiza yokha. Ndinapatukira kanjira kotsikira kumadimba, liwiro la mtsikana, nsalu yofiira ili pamutu kuti ndisaone zambiri. Ndicheuke, njinga zonse zili pambuyo panga, zikudumphadumpha m'mizere. Ndiwonjezere liwiro, nazonso. Akamwini akukuwa, "Apongozi, imani! Si kumeneko!" Nanga ndikanaima bwanji, woti ndimuthawe ali yemweyo akundiitana?

Pamtsinje pali mlatho wa mitengo iwiri. Ndawolokapo ndi mtolo wa nkhuni kosawerengeka. Tsiku limenelo ndinaponda mphepo. Phava! M'matope a dimba la mpiru, phazi n'kubinya.

Anandivuula ndi akamwini omwewo. Pofuna kundipatsa ulemu, anabwera chambuyo, nkhope ataloza kuphiri, dzanja atatambasulira kumbuyo. (Ndi kabudula ameneyo, sindikudziwa ngati kumeneko kunali kuchepetsa mlandu. Esinati, zimenezo usalembe.)

Esinati anali m'galimoto yonyamula madzi ndi nthochi za opalasawo. Anandimanga phazi ndi nsalu yofiira yomwe ija.

"Amayi, kukusiyani nokha chonchi sindingathe, kusiya anthuwa opanda madzi sindingathenso. Kwerani."

Ndi mmene ndinazungulirira dziko, matope ali m'makutu.

Patchalitchi alendo aja anavula zigoba zawo, akusisita njerwa, akuyang'ana kudenga. Ine ndapempheramo kuyambira ndili namwali, osakwezapo maso. Nditakweza, ndinadzifunsa kuti makolo athu anakweza bwanji mitanda imeneyo ndi manja okha.

Titayamba kutsika mapiri, ndinagwira Esinati paphewa. "Taona uko, thambo lagwa pansi!"

"Ndi nyanja, amayi."

Usipa ndadya moyo wanga wonse, osadziwa kuti kwawo n'kotero. Madzi opanda tsidya! Pa Chia msewu unadutsa pamlatho, madzi uku madzi uku, asodzi akukweza nsomba m'mwamba, njinga zija zikuuluka pakati ngati akakowa. Ku Nkhotakota tinaima pansi pa chimtengo chakalekale. Mkulu wina wa komweko anatiuza kuti m'dera limenelo ndi mmene ankasonkhanitsira anthu ogwidwa ukapolo asanawaolotse nyanja. Agogo anga ankatchula mlongo wawo amene anapita kukatunga madzi osabweranso. Ndinagwira khungwa la mtengowo.

M'mawa mwake, mapiri a Ntchisi. Msewu unaima chilili, nkhungu ikufuka m'nkhalango. Anyamata a mphamvu zawo anayamba kutsika n'kumakankha. Koma akamwini anga ayi. Anaimirira pamapedulo, thukuta likuchucha pachibwano, mitsempha ya m'khosi ili nga zingwe. Galimoto yathu inafika pambali pawo. Ndinayamba kuwerama monga mwa masiku onse, koma khosi linakana. Ndinawayang'ana m'maso, nthungululu n'kundipulumuka.

"Palasani, aMbewe! Pali apongozi anu pano, musatsike!"

Anaseka mpaka njinga inapepeluka, koma sanatsike. Anafika pa Dowa phazi lisanagunde pansi pachitunda chilichonse.

Mwini dimba lija ndinakamuthandiza kuwokeranso mpiru, koma mpaka lero akandiona amafuula kuti, "Tsekani madimba, kwabwera ampikisano!" Esinati akufuna njinga yakeyake, ndamuuza kuti chitenje chisachoke m'chiuno. AMbewe ndinawaphera tambala, tinadyera pamphasa imodzi, ndipo tsopano moni timapatsana chitseko chili chotsegula. Amayi anzanga akuti ndataya mwambo. Kaya, mwina ndinausiya m'matope muja.

Chaka chino andipemphanso kuti ndikaime pamphambano. Ndavomera, ndipo ndalonjeza kuti sindithawa. Koma nsalu ndatenga ziwiri: yofiira yolozera msewu, inayo yoti akamwini akavale akamadutsa pamaso panga.